Ntchito ya m'mahotela ndi m'malesitilanti ku Joni: mafunso ndi mayankho kwa amene akuganiza zoilowa

Mmalawi akatsika basi pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mu Johannesburg, ntchito zimene amayamba kuzimva kwa abale ndi zitatu: ya m'nyumba, ya pagadeni, ndi ya m'malesitilanti kapena m'mahotela. Yachitatuyi ndiyo imakopa achinyamata, chifukwa munthu amaoneka waukhondo, amalankhula Chingerezi, ndipo mbiri imamveka yoti ku Sandton, dera la anthu olemera, weitala amatha kuweruka ndi matipu oposa malipiro a tsiku a mnzake wa pagadeni. Mbiriyo si yabodza, koma si yonse. Mafunso otsatirawa ndi amene timafunsana tikakumana kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale pa misonkhano ya magulu athu othandizana pa maliro.

Ndimakonda kucheza ndi anthu. Kodi sizikusonyeza kuti ntchitoyi ndi yanga?

Zimathandiza, koma muyeso wake si umenewo. Pocheza mumasankha nokha wocheza naye, ndipo mukatopa mumatsazika. Pantchito iyi mlendo simumusankha, komanso simungatsazike. Muyeso weniweni umabwera cha m'ma 9 koloko usiku wa Lachisanu: mwaima kuyambira masana, miyendo ikuwawa, kasitomala wabweza nyama akuti yapserera, shefu wakukalipirani pamaso pa anzanu ngati munawotcha ndinu, ndiye patebulo lina pangokhala kumene banja limene silikudziwa chilichonse cha zimenezi. Banja limenelo likuyenera kulandiridwa ndi nkhope yowala. Ngati ndinu munthu woti mawu oipa amakukhalani pamtima mpaka mawa, ntchito ya kutsogolo, yokumana ndi alendo, idzakudwalitsani, kaya ndinu wansangala chotani.

Pali chinanso chokhudza ife Amalawi. Mabwana ambiri kuno amatiyamikira kuti ndife aulemu ndi odekha, ndipo mbiri imeneyi yalowetsa anthu ambiri ntchito. Koma ulemu wa kwathu uli ndi mbali zina zimene kuno zimamveka mwina. Kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, amalankhula motsitsa mawu, ndipo akafunsidwa ngati wamva amavomera ngakhale sanamvetse. Patebulo, kuyang'ana pansi kumaoneka ngati simukumvetsera, mawu otsika amamira m'phokoso la nyimbo, ndipo kuvomera kosamvetsa kuja kumathera m'mbale yolakwika, nthawi zina kwa munthu amene thupi lake silimayanjana ndi mtedza kapena nkhanu. Muyenera kuzolowera kubwereza oda mokweza mawu ndi kufunsanso popanda manyazi.

Nanga ine wosalankhulalankhula, malo anga alipo?

Alipo, ndipo ine ndimaona kuti ndiwo malo abwino kwa munthu woganiza za mawa. Hotela ili ndi mbali ziwiri. Kutsogolo kuli a risepishoni, onyamula zikwama, maweitala, ma runner amene amathamangitsa mbale kuchokera kukhitchini, a pa bala ndi opanga khofi. Kumbuyo kuli khitchini, okonza zipinda, ochapa, a kusitolo ya katundu ndi okonza zowonongeka.

M'khitchini ambiri amayambira ku scullery, kutsuka mbale ndi mapoto. Ndi ntchito yonyowa, yotentha, yosayamikiridwa, koma ili pafupi ndi moto. Wotsuka wamaso amayamba kupemphedwa kusenda mbatata, kenako kudula anyezi, kenako tsiku lina wa pa grill akadwala amamuika pamenepo. Makwerero ake ndi odziwika: commis amene ndi wophika woyamba kumene, chef de partie amene amayang'anira gawo limodzi, sous chef amene ndi wachiwiri kwa shefu, mpaka shefu wamkulu. Khitchini imafuna munthu wopirira kutentha ndi kukalipiridwa, wosaopa mpeni ndi mafuta owira, wokhoza kuphika mbale yomweyo kambirimbiri osasintha kakomedwe. Wophika bwino kunyumba amene sakonda kuyeza zinthu pasikelo amavutika kuno, chifukwa kasitomala akufuna lero zimene anadya sabata yatha.

Kukonza zipinda kumaoneka kopepuka kwa amene sanakuyese. Msana ndi mawondo ndizo zimalipira: kuwerama poyala mabedi, kugwada m'bafa, mankhwala otsukira m'manja tsiku lonse. Komanso mlendo akasowa wotchi kapena ndalama, woyamba kufunsidwa ndi inu amene munalowa m'chipindamo. Ngati kukayikiridwa kumakupwetekani kwambiri, liganizireni bwino gawo limeneli.

Maola ake amakhala otani?

Mumagwira nthawi imene ena akupuma: usiku, Loweruka, Lamulungu, Khirisimasi, Pasaka. Walira mvula walira matope. Matipu abwino amabwera pa masiku omwewo amene anzanu ali pa ukwati kapena pa chinkhoswe.

Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati maola wamba asapitirire 45 pa sabata. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, yolipidwa kamodzi ndi theka, ndipo isapose maola 10 pa sabata. Lamulungu limalipidwa kawiri, koma ngati ndi tsiku limene mumagwira nthawi zonse ndi kamodzi ndi theka. Mukagwira maola 5 motsatizana mukuyenera kupuma kuti mudye. Ntchito ya pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa imawerengedwa ya usiku, ndipo lamulo limafuna kuti pakhale kandalama kowonjezera kapena maola ochepetsedwa, komanso kuti thiransipoti yopita kwanu ikhale yopezeka poweruka.

Nkhani ya thiransipotiyi musaipeputse. Lesitilanti ya ku Fourways, Rosebank kapena Melrose Arch ikatseka cha m'ma 11 koloko, matakisi opita ku Diepsloot, Cosmo City, Alexandra kapena Tembisa amakhala atasiya kale kuyenda. Malo ena ali ndi galimoto ya antchito yozungulira kutula anthu mmodzimmodzi, ndipo womaliza amafika kunyumba tambala atatsala pang'ono kulira. Malo ena amadula mtengo wake pa malipiro anu. Ena alibe n'komwe. Funsani zimenezi musanafunse za matipu. Funsaninso ngati kuli shifiti yoduka pakati, yoti mumagwira masana, n'kukhala maola angapo opanda malipiro, n'kuyambanso madzulo. Kwa munthu wokhala kutali, maola apakatiwo amathera pabenchi kuseri kwa khitchini.

Ndalama yake imakwana?

Malipiro otsikitsitsa a dziko lino anayamba mu Januwale 2019 pa R20 pa ola. Mu Marichi 2024 anafika R27.58, mu Marichi 2025 R28.79, ndipo amaunikidwanso chaka chilichonse. Pa R28.79 ya 2025, munthu wa maola 45 pa sabata ankalandira pafupifupi R5,600 pamwezi asanadulidwe 1% ya UIF, thumba la boma lothandiza wantchito ntchito ikatha kapena akakhala pa tchuthi cha uchembere. Ambiri oyamba kumene amayambira pomwepo kapena pamwamba pang'ono, ndipo ena sapatsidwa n'komwe maola okwana 45.

Chimene ndikufuna aliyense achimve ndi ichi: lamulo limati matipu sawerengedwa ngati gawo la malipiro otsikitsitsa. Bwana wonena kuti "kuno timadya matipu okha" akuphwanya lamulo, ngakhale maweitala ake onse atavomera. Chizolowezi cha makasitomala kuno ndi kusiya 10% kapena kuposerapo pang'ono, koma ndi chizolowezi chabe, palibe wowakakamiza. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi silifanana ndi Lolemba la pakati pa mwezi, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye anthu satuluka kwambiri usiku. Malo ambiri weitala amagawirako matipu ake runner ndi wa pa bala. Matipu olipidwa pa khadi amadutsa kaye m'manja mwa kampani, choncho dziwani tsiku limene amatuluka ndi mmene amawerengedwera.

Lendi, thiransipoti ndi ndalama yotumiza kumudzi pa Mukuru muziwerengere pa malipiro okhazikika okha. Amene amalonjeza makolo ndalama potengera matipu a mwezi wabwino amadzapezeka kwa a katapila mwezi woipa. Ndipo musathamangire kusintha marandi kukhala makwacha m'mutu. Chipinda mukulipira m'marandi.

Ndikaswa mbale, kapena kasitomala akathawa osalipira, andidula?

Malo ambiri amadula, koma lamulo silinawapatse ufulu wongodula. Pamafunika kuti muvomere molemba, kuti cholakwacho chikhaledi chanu, kuti akupatseni mpata wofotokoza mbali yanu, ndipo zodulidwazo zisapose kotala la malipiro anu. Sungani payslip iliyonse, ndipo muzilemba nokha m'kabuku nthawi yolowa ndi yoweruka. Tsiku la mkangano, kabuku kameneko kamalankhula kuposa kulira. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo kudandaulako n'kwaulere. Malesitilanti ambiri a m'Johannesburg alinso pansi pa bargaining council ya ntchito za malesitilanti, bwalo limene mabwana ndi mabungwe a antchito amagwirizaniranapo za malipiro ndi malamulo a ntchito, ndipo bungwe la antchito la SACCAWU lili ndi mamembala m'mahotela ambiri.

Ndili ndi pasipoti yokha. Ndingagwire?

Mwalamulo, ayi. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda visa kwa masiku 30 ngati mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsanso bwana kulemba munthu wopanda chilolezo. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwapo mapemiti apadera, koma Amalawi tilibe otero. Kuyambira mu Okutobala 2024 visa ya ntchito imaperekedwa powerengera mapointi a maphunziro, malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira, motero ntchito ya malipiro otsika ngati ya uweitala imavuta kufika pa mlingowo. Wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati sanapose masiku 30, zaka 5 ngati waposa. Wogwidwa amatha kukathera ku Lindela, malo osungira anthu opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa.

Tonse tikudziwa kuti abale athu ambiri akugwirabe m'makhitchini a Mayfair, Fordsburg ndi kwina popanda mapepala, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa chimene chinawachotsa kumudzi tikuchidziwa. Koma funso la tsamba lino ndi lakuti kodi ntchitoyi ingakhale tsogolo lanu, ndipo apa ndinene mosabisa: popanda mapepala makwerero aja amathera pa sitepe yachiwiri. Mahotela akuluakulu a ku Sandton kapena a pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo safuna kumva za munthu wopanda pemiti. Wotsala nanu ndi bwana amene wakulembani podziwa kuti simungadandaule, ndipo malipiro ake amasonyeza zomwezo. Mu Seputembala 2024 akuluakulu a unduna wa za ntchito (Department of Employment and Labour) pamodzi ndi a Home Affairs, oona za olowa ndi otuluka m'dziko, anayendera malesitilanti ku Menlyn, ku Pretoria, ndi ku Sandton, ndipo antchito ena opanda mapepala anamangidwa ali pantchito.

Dziwaninso kuti mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la za ntchito linagamula kuti munthu wakunja amene pemiti yake yatha amakhalabe wantchito pamaso pa malamulo a ntchito. Thukuta lanu liyenera kulipidwa. Koma chigamulocho sichikukupatsani pemiti. Ndipo mapemiti ogula kwa munthu wa pakona ndi achinyengo. Akapezeka m'pasipoti mwanu mlandu wake ndi waukulu kuposa wopitiriza masiku.

Ndimamva kuti eni dziko safuna alendo m'malesitilanti. N'zoona?

Mkangano ulipo, ndipo ntchito ya m'malesitilanti ili pakatikati pake chifukwa weitala amaonekera kwa aliyense. Mu Januwale 2022 Julius Malema, mtsogoleri wa chipani cha EFF, anayendera malesitilanti ku Mall of Africa ku Midrand kukafunsa chiwerengero cha antchito akunja, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa maganizo a ndondomeko yoika malire a antchito akunja m'magawo ena, kuphatikizapo la mahotela ndi zokopa alendo. Magulu otsutsa alendo ngati Operation Dudula nawonso amatchula ntchito zimenezi. Ulova kuno ndi waukulu, ndipo mkwiyo wa anthu umakula akaona bwana akulemba alendo kuti alipire zochepa. Mukavomera malipiro osafika pa lamulo mumadzipweteka nokha, mumapwetekanso mnzanu wa ku Soweto amene mukutsuka naye mapoto. M'khitchini momwemo anthu ambiri amagwirizana bwinobwino, makamaka ndi mlendo amene wayesetsa kuphunzira chilankhulo chawo.

Chingerezi changa cha MSCE chikwana?

Kutsogolo chikwana ngati mulankhula momveka ndi kuloweza menyu. Kumbuyo ndi m'takisi mufunika isiZulu kapena Sesotho pang'ono. Kwa wolankhula Chichewa, isiZulu sichichedwa kulowa m'khutu.

Ndine wa Seventh-day, kapena Msilamu, kapena sindikhudza mowa. Zingatheke?

Ganizirani zimenezi musanasaine, osati mutalowa. Lachisanu usiku ndi Loweruka ndiwo masiku amene lesitilanti imapangira ndalama, choncho wosunga Sabata sangayembekezere kumasulidwa sabata iliyonse pamalo otero. Mpata ulipo m'makantini a m'maofesi ndi m'mafakitale, m'makhitchini a masukulu, ndi m'malo a khofi a m'madera a maofesi amene amatseka kumapeto kwa sabata. Kwa Asilamu, malesitilanti a halaal a ku Fordsburg, Mayfair ndi Lenasia alibe mowa kapena nkhumba, ndipo ambiri amamasula antchito pa swala ya Ijumaa. Kwina konse weitala amayembekezeredwa kudziwa vinyo, kumutsegula ndi kumuthira, ndipo gawo lalikulu la bilu, komanso la tipu, limachokera pa zakumwa. Nenani za chikhulupiriro chanu pa intavyu. Kubisa kuti mulowe kaye kumabala mkangano sabata yachiwiri.

Kwa amene mowa unawavutapo kale, ndikupempha mosazungulira: pewani pa bala. Kuweruka pakati pa usiku muli ndi ndalama m'thumba tsiku ndi tsiku kwagwetsa anyamata ambiri abwino.

Ndili ndi ana aang'ono. Nditani?

Makireshi, malo osungira ana masana, amatseka madzulo, nthawi imene shifiti yanu ikuyamba. Popanda mlamu, mchemwali kapena mnansi wodalirika, sankhani gawo la m'mawa: kadzutsa wa m'hotela, kukonza zipinda, kuchapa, kuphika buledi ndi makeke. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha miyezi 4, ndipo kumuchotsa chifukwa cha mimba n'kuphwanya lamulo, ngakhale kuti bwana sakakamizidwa kumulipira pa tchuthicho. Apa ndi pamene UIF imathandiza, ngati bwana ankaperekadi ndalamazo. Atsikana adziwenso kuti kugwidwagwidwa ndi kasitomala woledzera, kapena kufunsiridwa ndi manijala kuti akupatseni mashifiti abwino, si gawo la ntchito. Ndi mlandu umene CCMA imaumva.

Ndipite kusukulu kaye, kapena ndingoyamba?

Zimatengera kumene mukufuna kukafika. Uweitala ndi scullery sizifuna setifiketi. Koma kuti mudzakhale manijala wa hotela, kapena shefu m'khitchini yaikulu, pepala limafupikitsa njira. University of Johannesburg ili ndi School of Tourism and Hospitality pa kampasi ya Bunting Road ku Auckland Park. Makoleji a boma a TVET amaphunzitsa ntchitozi pa mtengo wotsikirapo. Palinso masukulu omwe si a boma ngati International Hotel School, HTA School of Culinary Art ku Randburg ndi Capsicum, koma fizi yake ndi yokwera, ndipo wakunja amafunika visa ya maphunziro. Musanapereke ndalama kusukulu iliyonse, fufuzani ngati inalembetsedwa ku boma komanso ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. M'tauni muno muli tisukulu ta m'chipinda chimodzi togulitsa mapepala amene hotela iliyonse imawakana.

Ngati mudakali kumudzi, musaderere zimene zili pafupi nanu. Malawi Institute of Tourism ku Blantyre ndi Mzuzu University zimaphunzitsa ntchito zimenezi pa mtengo umene banja lingayeseko, ndipo pepala la kumeneko mungalipereke ku SAQA, bungwe la kuno loona za masetifiketi, kuti aliyerekeze ndi a kuno. Langizo langa ndi lakuti mugwire kaye miyezi ingapo musanalipire fizi. Ambiri amazindikira kuti ntchitoyi si yawo atawononga kale ndalama ya chaka chonse.

Kodi ndi ntchito yokhalitsa?

Imayenda ndi matumba a anthu. Dziko litatsekedwa pa 27 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mahotela ndi malesitilanti ndiwo anayamba kugwa, ndipo kuletsedwa kwa mowa kobwerezabwereza kunamaliza ambiri. Amene analibe kontirakiti ndi UIF anatsala manja ali m'khosi. Ngakhale chaka chabwino, Joni ndi mzinda wa mabizinesi ndi misonkhano: pakati pa Disembala anthu amathawira kunyanja ndi kumidzi, mahotela a ku Sandton amachepa alendo, ndipo oyamba kuchepetsedwa maola ndi aganyu. Ambiri amalembedwa kudzera m'makampani obwereketsa antchito. Lamulo limati wa malipiro otsika akapitirira miyezi 3 pamalo amodzi amatengedwa ngati wantchito wa pamalopo.

Ndikadzabwerera kumudzi, chidzanditsata n'chiyani?

Ili ndi funso limene ndimafuna munthu ayambire. Matipu amatha tsiku lomwelo. Chotsala ndi chimene manja ndi mutu zaphunzira: kuphika buledi ndi makeke, kudula nyama, kupanga khofi pa makina, kusunga chakudya kuti chisadwalitse anthu, kuwerengera mtengo wa mbale imodzi kuti bizinesi isagwe, kuyendetsa kompyuta ya risepishoni monga Opera. Zimenezi zimafunika ku Mount Soche ndi Ryalls ku Blantyre, m'mahotela a Lilongwe, m'maloji a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, ndiponso kwa munthu wofuna kuyamba kuphikira maukwati kwawo. Munthu angathe kunyamula thireyi zaka zambiri n'kubwerera alibe luso loti agulitse, pamene mnzake wa zaka zochepa m'khitchini wabwerera ndi ntchito m'manja. Ngati muli kutsogolo, pemphani kuphunzira kuwerengera sitoko, kutseka kashi ndi kulemba ndandanda ya mashifiti. Pochoka paliponse tengani kalata ya umboni; lamulo limati bwana akupatseni setifiketi yosonyeza nthawi imene mwagwira.

Ndingadziyese bwanji ndisanadzipereke?

Pezani ganyu ya kumapeto kwa sabata kwa ophikira maukwati ndi misonkhano, kapena thandizani kuphika pa msonkhano waukulu wa mpingo kuyambira kugula mpaka kutsuka poto womaliza. Tsiku lotsatira mudzifunse ngati mungadzukenso n'kubwereza. Chezani ndi munthu amene wagwira zaka zambiri, osati wa mwezi umodzi amene akusangalala ndi matipu, ndipo mumufunse za miyendo yake, za banja lake, ndi kuti anakwezedwa liti komaliza.

Mukaitanidwa ku shifiti yoyeserera, inunso muziwayesa. Onani mmene shefu amalankhulira ndi wotsuka mbale, ngati antchito amadya, ngati pali amene wakhalitsa pamalopo. Shifiti yoyeserera ndi ntchito, ndipo iyenera kulipidwa. Malo amene amayesa anthu sabata yathunthu kwaulere akungofuna manja aulere.

Wina akuti ndimupatse ndalama kuti andipezere malo m'hotela. Ndipereke?

Musapereke. Lamulo la kuno limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere malo, ndipo hotela yeniyeni siitanitsa ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya maphunziro musanasaine kontirakiti. Mauthenga otere amayenda kwambiri pa Facebook ndi WhatsApp, ena olembedwa m'Chichewa chomwe ndi anthu akwathu, ena olonjeza ntchito za m'sitima zapamadzi kapena ku Dubai. Pasipoti yanu musaisiye m'manja mwa aliyense, kaya ndi ejenti kaya ndi bwana. Mukaitanidwa ku intavyu, ikhale pamalo a bizinesiyo masana, osati m'fulati ya munthu, ndipo muuze m'bale wanu kumene mukupita ndi nthawi imene mubwerere.